Kanyama Anafika mu Malichi

Mu komboni galu sagulidwa, amapemphedwa. Ukamva kuti galu wa uje ali ndi bere, umapita kukalonjera mwini wake, n'kucheza naye za mvula ndi za mtengo wa unga, ndipo potsanzika umangoti, "Akaswa mundikumbukire." Mawu amenewo ndiwo chikole. Tiana tikabadwa amakuitana kuti udzasankhe tisanatsegule n'komwe maso, ndipo kuyambira tsiku limenelo aliyense pa yadipo amadziwa kuti kakuda ndi ka amai aja a ku Chawama, kamawanga ndi ka mnyamata wa pachigayo. Chotsala n'kuwerenga masabata. Odziwa za ziweto amati kagalu kazikhala ndi make mpaka masabata 8, kuti kayamwe mokwanira ndiponso kaphunzire kwa abale ake kuti kuluma kumapweteka. Ambiri a ife sitifika kumeneko. Kakangoyamba kunyambita phala, timakanyamula m'katoni.

Kathu tinakapempha motero kwa alamu anga a ku Kalingalinga, amene amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo m'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata. Galu wawo anaswa tiana tisanu pakati pa Novembala 2023, pansi pa mulu wa zitsulo. Mwana wanga wamkazi, amene panthawiyo anali ndi zaka 9, anasankha kamphongo kofiirira, ka phazi limodzi loyera ngati kaponda mu unga.

Ine ndinkafuna mlonda. Timakhala ku Kanyama, pa yadi ya mabanja anayi, ndipo chaka chimenecho tinali titabedwa kawiri: koyamba zovala pachingwe, kachiwiri mbaula ndi poto wake. A landilodi anavomera, bola galuyo azimangidwa masana. Mwana wanga sankafuna mlonda. Ankafuna chinthu choti chikhale chakechake m'nyumba ya zipinda ziwiri mmene bulangete, beseni ndi mpando zonse n'zogawana. Dzina anali atapereka kale, Simba. Anachapa thumba la unga n'kulipinda pakona ya khonde, napempha ambuya ake mbale yakale yobenthuka m'mphepete. Tinagwirizana ndi alamu kuti tidzakatenge Loweruka pa 6 Januwale 2024, sukulu zisanatsegulidwe Lolemba pa 8.

Amene sanakhaleko ku Kanyama amaganiza kuti kolera imabwera chifukwa choti ndife anthu auve. Nkhani yake ili pansi pa mapazi athu. Komboni yathu inamangidwa pathanthwe lathyathyathya, lokhala ndi ming'alu ndi mphako, ndipo madzi apansi ali pafupi kwambiri. Ukakumba chimbudzi, sufika patali usanakumane ndi mwala kapena madzi. Mvula ikagwa masiku awiri otsatizana, madzi alibe kolowera. Amadzaza m'misewu, amalowa m'zimbudzi, n'kutulukamo ndi zonse zimene apezamo, kenako amakalowa m'zitsime zosazama zimene anthu amatungamo akasowa ndalama ya pakiyosiki. Mu Januwale 2018 zinafika poti boma linaika lamulo loletsa kuyenda usiku ku Kanyama, asilikali n'kumayeretsa misewu ya m'tauni. Choncho pamene tinamva mu Okutobala 2023 kuti matendawa ayambanso, tinagula kabotolo ka klorini n'kupitiriza moyo, monga mmene munthu amagulira ambulera.

Pofika pa Khirisimasi zinthu zinali zitasintha. Ma ambulansi ankadutsa usana ndi usiku. Sabata yoyamba ya Januwale boma linalengeza kuti sukulu sizitsegulidwa mpaka pa 29. Mwana wanga anavina pakhonde: masabata atatu athunthu oti akhale ndi Simba popanda belu la kusukulu.

Lachisanu usiku, kutatsala maola ochepa kuti tinyamuke kupita ku Kalingalinga, amai anga anayamba kutsegula m'mimba. Sikunali kutsegula kumene tinazolowera. Zotuluka zinali zoyera ngati madzi otsukira mpunga, ndipo sizinkaleka. Ndinasungunula masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi ya madzi othira klorini, monga amatiphunzitsira, koma zimene ankamwa zinkabwerera pomwepo. Tambala asanalire maso awo anali atalowa m'kati, mawu atasasa, ndipo nditatsina khungu la padzanja lawo linangokhala chiimire osabwerera. Ine ndi mwamuna wa nyumba yoyandikana nafe tinawanyamula pawilibala kudutsa m'madzi ofika m'mawondo mpaka ku kiliniki. Patapita masiku awiri anawasamutsira ku Heroes Stadium, kumene boma linali litasandutsa malo osamalira odwala kolera.

Alamu anaimba Loweruka m'mawa, ine ndili pabenchi ya kiliniki. Atamva zonse anapepesa, kenako anati, "Ndiye ndingokabweretsa ndekha kagaluko, alamu. Mwana apezeko chomusangalatsa, asamangolira ambuya ake." Ankanena zoona ndithu, ndipo mtima wanga unatsala pang'ono kuvomera. Ndinawapempha kuti ayambe akasunga.

Galu sadwala kolera. Awa ndi matenda a anthu. Sindinkaopa kuti kagaluko kadwala. Ndinkaopa mapazi ake anayi. Kagalu ka masabata 7 sikadziwa malire a pakati pa matope a kuseri kwa chimbudzi ndi mphasa yodyerapo. Kamamwa pachithaphwi chilichonse, kenako kamabwera kudzanyambita mwana kumaso. Mwana amakanyamula, n'kutenga chitumbuwa ndi dzanja lomwelo. Sabata imeneyo moyo wathu wonse unali kusamba m'manja, ndipo dontho lililonse linali logula pachigubu cha malita 20, lothira mankhwala, lowerengeredwa. Panalinso china. Kagalu katsopano kamaitana ana a msewu wonse. Bwenzi pa yadi pathu, pamene azaumoyo anali atangopopera mankhwala, patadzaza ana khumi opatsirana kagalu m'manja, nthawi imene ankatiuza kuti tisasonkhane. Ndipo ine, amene ndikanayang'anira zonsezi, ndinkachoka mbandakucha n'kubwera kutada.

Kuuza alamu kunali kosavuta. Kuuza mwana kunali kwina. Ndinamupeza atakhala pathumba lija, mbale ili pamiyendo.

"Mami, munanilonjeza," anatero, m'Chinyanja chake cha mu Lusaka chimene ambuya ake amati n'chosakaniza ngati ndiwo za pamaliro.

"Lonjezo lilipo, mwanangu. Tsiku lokha ndilo lasuntha."

"Manje izabwela liti imbwa yanga?"

"Zinthu zikakhala bwino pano pakhomo."

Anakhala chete nthawi yaitali, akuzunguliza chala m'mphepete mwa mbale mobenthuka muja. Kenako anafunsa osandiyang'ana: "Ngati ambuya bamwalila, Simba azabwela?"

Apo m'pamene ndinaona kuti funso lake lenileni silinali la galu. Sakanatha kufunsa ngati ambuya ake adzafa, ndiye analibisa funsolo m'kati mwa lina. Ndinamuuza kuti nyumba yathu ikudikira alendo awiri, ndipo mwambo wathu ndi wakuti wamkulu ndiye amayamba kulowa.

Heroes Stadium ili m'mbali mwa Great North Road. Inatsegulidwa mu 2014, pafupi ndi manda a anyamata a timu ya dziko amene anafa pangozi ya ndege ku Gabon mu Epulo 1993, ndipo dzina lake limakumbutsa iwowo. Ndinali ndisanalowemo kukaonera mpira. Tsopano ndinkaima kunja kwa geti pamodzi ndi anthu ochokera ku Matero, ku George, ku Chawama ndi ku Mtendere, aliyense atagwira foni ndi kachikwama ka zovala. Achibale sankaloledwa kulowa, ndipo tinkamvetsa chifukwa chake. Tinkangodikira uthenga. Wina akaitanidwa pambali, tonse tinkayang'ana pansi.

Pamalo amenewo m'pamene zithunzi za alamu zinkandipeza pa WhatsApp. Kagalu kakukoka nsapato. Kagalu kagona m'chipewa chowotcherera. Madzulo ndinkaonetsa mwana wanga, iye n'kumakulitsa chithunzicho ndi zala mpaka patsale phazi loyera lokha. Tsiku lachinayi kunabwera uthenga wa mawu m'malo mwa chithunzi. Bwana wina wa ku Kabulonga, amene anabwera kudzaona geti yake, anakaona kagaluko n'kutchula ndalama. Alamu sanandikakamize, anangoti, "Mukudziwa inu, alamu, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Tinzake tonse tapita, ndipo aka kayamba kudya ngati munthu wamkulu." Januwale ndi mwezi wowawa kwa aliyense, ndipo mageti sayenda anthu akamaganiza za renti ndi mayunifomu. Ndinatenga pa ndalama imene ndinasungira nsapato za kusukulu n'kuwatumizira pafoni, ya unga, ya kapenta ndi ya jekeseni. Bwana uja anapita ndi geti yake yokha.

Ndalama ya jekeseniyo inatsegula nkhani ina. Kalingalinga inagundana ndi University of Zambia, kumene kuli sukulu ya madokotala a ziweto yotchedwa Samora Machel. Alamu ananyamula kagaluko kupita nako ku kiliniki ya kumeneko, ndipo anabwerako ndi kakhadi ndi phunziro limene anandibwerezera pafoni. Agalu ali ndi matenda awoawo otsegula m'mimba, otchedwa parvo. Amagwira kwambiri tiana, timasanza, timatuluka magazi, ndipo timafa m'masiku ochepa. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, mwinanso chaka, ndipo kamayenda pa nsapato za anthu. Jekeseni imodzi siikwanira. Yoyamba amabaya pa masabata 6 mpaka 8, n'kumabwereza pakatha masabata atatu kapena anayi mpaka kagalu kakwanitse masabata 16. Ya chiwewe imabwera pa miyezi itatu, ndipo imeneyo ndi lamulo la dziko, chifukwa chiwewe chikangoonekera pa munthu palibenso mankhwala.

Mmodzi wa abale ake a kagalu kathu, kakuda kamene kanatengedwa kupita ku George kali ndi masabata asanu, kanafa ndi matenda amenewa mwezi womwewo. Alamu atandifotokozera mmene kanafera, ndinakhala pansi pa mwala. Maso kulowa m'kati, khungu kusabwerera, thupi kuuma likadali lamoyo. Tizilombo n'tosiyana, ka munthu ndi ka galu, koma njira yake ndi imodzi: madzi amatuluka mofulumira kuposa mmene angalowere. Ndipo mankhwala aakulu ndi amodzinso, kubwezera madziwo, pakamwa kapena pa diripu, mpaka thupi lipambane lokha.

Amai anatuluka atakhala kumeneko masiku asanu. Anabwera atavala chitenge chimene chinkawazungulira kawiri, akuyenda mogwira khoma. Mwana wanga anawakumbatira m'chiuno, ndipo tsiku lonselo sanatchule za galu. M'mawa mwake anaima pakhomo n'kunena kuti, "Mlendo mukulu afika."

Koma pa yadi panali pasanayere. Sabata yomweyo kamnyamata ka nyumba yachitatu kanadwala, ndipo bambo wina wogulitsa malasha kumapeto kwa msewu wathu anamwalira. Maliro ake sanagone. Thupi silinabwere kunyumba, ndipo kumanda kunapita anthu owerengeka. Pakati pa Januwale azaumoyo anayamba kuyenda ndi katemera wakumwa, ndipo tonse tinamwa. Sukulu anazisunthanso, kuchoka pa 29 Januwale kupita pa 12 Febuluwale. Ndinaona kuti mawu akuti "zinthu zikakhala bwino" ndi olemera kwambiri kwa mwana wa zaka 9, chifukwa alibe pogwira. Choncho tinakhala pansi n'kupangana zinthu zitatu zoti iye mwini aziziona. Choyamba, ambuya ayende okha kukafika kumsika n'kubwerako. Chachiwiri, padutse masabata awiri pa yadi popanda wodwala. Kolera imaonekera pasanathe masiku asanu munthu ataitenga, ndiye masabata awiri anali otipatsa mpata wokwanira. Chachitatu, kagaluko kamalize jekeseni zake.

Anatenga khala n'kumalemba mizere pakhoma la kuseri, umodzi tsiku lililonse. Atafika pa 9, mtsikana wogwira ntchito m'tauni amene amakhala nyumba yoyamba anagonekedwa ku kiliniki. Palibe amene anamuuza mwana wanga choti achite. Ndinamupeza akufufuta mizere yonse ndi chinyezi cha nsanza, misozi ikutsika, nayambanso pa umodzi. Kuyambira tsiku limenelo anakhala wapolisi wa yadi. Ankaima pa chigubu cha pakhomo la chimbudzi ndi kasopo, ndipo ngakhale a landilodi sankadutsa osasamba m'manja.

Kudikira kuli ndi mtengo wake, ndipo tinaulipira. Kagalu kamaphunzira dziko pakati pa masabata atatu ndi 12 kapena kupitirira pang'ono. Mawu amene kamva, fungo limene kanunkhiza ndi manja amene akagwira nthawi imeneyo ndizo zimakhala kwawo. Masabata onsewo kathu kanawathera ku Kalingalinga. Kanaphunzira kulira kwa galainda, fungo la chitsulo chopsa, ndi mluzu wa anyamata a alamu. Anyamatawo sankadziwa za Simba. Kwa iwo kanali "ka ku Kanyama," kosiyana ndi tinzake timene tinapita kale, ndipo posakhalitsa mawu oyambawo anagwa. Ankangoti, "Kanyama, bwera!" iko n'kubwera kakugwedeza mchira.

Amai atamva anaseka koyamba chidwalireni, mpaka kutsokomola. Anati kwawo ku Katete galu sapatsidwa dzina lachabe. Munthu akakhala ndi mawu oti auze mnansi kapena mkazi mnzake koma osafuna ndewu, amawapachika pa galu, n'kumaitana mokweza madzulo kuti mudzi wonse umve: Tilekeni, Adzatopa, Mwandionanji. "Ndiye uyu dzina lake labwera lokha," anatero. "Ndi kanyama ndithu, ndipo kwawo ndi ku Kanyama. Mukufunanso chiyani?" Mwana wanga anakwinya nkhope n'kunena kuti akadzafika adzamuphunzitsa dzina lake lenileni. Ambuya ake anamuyankha kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma galu si mame. Adzakhala pakhomo zaka khumi kapena kuposa, ndipo amene adzakhale nawe zaka khumi sumuthamangira.

Mvula inasiya mwadzidzidzi chakumapeto kwa Januwale. Zithaphwi zinauma, misewu inabwerera kukhala fumbi, ndipo ma ambulansi anayamba kuchepa. Ife a ku Kanyama tinapuma, koma amai ankakhala ndi foni kukhutu madzulo alionse, akumva za chimanga cha ku Katete chimene chinkafota chisanabereke. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Dzuwa limene linaumitsa msewu wathu kuti galu adutse ndi lomwelo linawotcha munda wa achimwene anga. Mliriwo pomatha unali utapha anthu oposa 700 m'Zambia, ambiri a iwo mu Lusaka muno.

Pakati pa imfa zochuluka chotero, nkhani ya galu ndi yaing'ono, ndipo ndikudziwa. Koma m'masabata amenewo pafupifupi chilichonse chinali kunja kwa manja anga. Sindikanasuntha thanthwe la pansi pa Kanyama, sindikanakumba ngalande, sindikanalowa m'sitediyamu kukaona ngati diripu ya amai ikudontha. Chimene chinatsala m'manja mwanga chinali geti ya yadi yathu, ndi kusankha choti chilowe ndi tsiku loti chilowe. Timakonda kunena kuti nyumba ya Mnyanja siichepa, kuti pamene padya anayi wachisanu sagona ndi njala. N'zoona kwa mlendo wamiyendo iwiri amene angathe kudzitungira madzi. Chamoyo chimene chidzadalira iwe pa chilichonse chimafuna kuti uyambe wayang'ana m'nyumba mwako ngati muli manja opanda ntchito ina.

Amai anapita kumsika okha pakati pa Febuluwale, nabwerako ndi repu ndi tomato, atatopa koma akunyada. Mizere ya pakhoma inakwana 14. Jekeseni yomaliza inabayidwa kumapeto kwa mweziwo. Loweruka loyamba la Malichi, alamu anapeza galimoto yopereka geti kwa munthu wina cha ku Makeni, ndipo anapatukira kwathu.

Mwana wanga anali atakonza katoni. Chimene chinatsika m'galimotomo sichikanakwana m'katoni. Anali galu wa miyendo yaitali, makutu aakulu osadziwa koloza, phazi loyera lija litakula ngati chikhatho cha mwana. Anaitana, "Simba! Simba!" Galuyo anayang'ana alamu. Galimoto itanyamuka anaithamangira mpaka chingwe chinamubweza, ndipo analira usiku utatu motsatizana, mphuno ili pansi pa geti. A nyumba yoyamba anadandaula. Thumba la pakhonde sanaligonere.

Woyamba kumuzolowera anali amai. Iwo ndiwo ankakhala pakhomo tsiku lonse, pamphasa pamthunzi, akubwezera thupi pang'onopang'ono, ndipo mbamu ya nsima inkagwa m'manja mwawo kawirikawiri kuposa mmene ngozi ingachitikire. Pofika sabata yachiwiri galuyo ankagona atatsamiritsa mutu pa mapazi awo. Mwana wanga zinamupweteka. Anadikira miyezi iwiri, anafufuta khoma, analondera chigubu, ndiye galu n'kusankha ambuya. Sindinamunyengerere. Ndinangomupatsa ntchito: mbale ya m'mawa ndi ya madzulo, madzi oyera tsiku lililonse, kuchotsa nkhupakupa Loweruka, ndi kumuyendetsa pachingwe akaweruka kusukulu. Zinatenga pafupifupi mwezi. Tsiku lina ndinamumva ali pageti, chikwama chidakali kumsana, akuitana mosaganiza n'komwe, "Kanyama, bwela!" Galuyo anadzuka pa mapazi a ambuya n'kuthamanga.

Ulonda amaugwira, chibwerereni palibe chasowa pachingwe. Koma Kalingalinga sinamuchoke. Mabingu samuopsa, makombola a pa Chaka Chatsopano amene amathawitsa agalu onse a mu komboni iye amangowakwezera khutu limodzi. Ndipo akamasuka masana, palibe chifukwa chomufunira kutali. Pangodya ya msewu wathu pali mnyamata wowotcherera mbaula ndi mipando. Magetsi akangobwera, galainda n'kuyamba kulira, mudzamupeza Kanyama atagona pansi pa tebulo lachitsulo, nthethe za moto zikugwa momuzungulira, ali m'tulo tofa nato.